Kuno kwa Nsamala Tatopa ndi Kungowerengedwa

Akuti nkhani ya kasankhidwe ka mtsogoleri wa dziko inatha, inakonzedwa, ndiye ife tizithokoza. Tamva. Lamulo tsopano likuti wofuna upulezidenti apeze mavoti opitirira theka la mavoti onse oponyedwa moyenera, ija timangoti 50+1, ndipo onse akalephera tikaimenso pamzere pasanathe masiku 60 kuti tisankhe pakati pa awiri otsogola. Ife a kwa Nsamala, kuyambira pa boma la Balaka mpaka ku Chiyendausiku ndi midzi ya m'mbali mwa Rivirivi, sitikulitsutsa lamuloli. Ndi labwino ndithu. Koma amene akufuna kuti tiziomba m'manja atiuze kaye chifukwa chake nkhani yoti ngakhale mwana wa sitandade 4 akhoza kuimva inatenga zaka 26 kuti ilongosoke. Atiuzenso chifukwa chake, italongosoka chonchi, ife tikadali anthu ofunika tsiku limodzi lokha pa zaka zisanu.

Wina asatiyese alendo pa nkhani imeneyi. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ija inagwedeza mpando wa Kamuzu, inasindikizidwa pano pa Balaka, kwa ansembe a Montfort, ndipo posakhalitsa anthu olusa anabwera kudzayatsa moto pamalo osindikizirapo. Akuluakulu athu akukumbukira nthawi ya pulezidenti wamuyaya, kuyambira 1971, pamene mayi wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pachipata cha msika dengu lili pamutu. Pa 14 Juni 1993 tinasankha nyali ya zipani zambiri n'kusiya tambala wakuda. Pa 17 Meyi 1994 tinavotera pulezidenti, ndipo anapambana a Bakili Muluzi a kwa Kapoloma, mwana wa boma lathu lomwe, poti nthawi imeneyo Balaka anali asanapatuke ku Machinga. Anapeza mavoti 47 pa 100 alionse. Tinavina mpaka mbandakucha. Panalibe wa kuno amene anadzuka n'kufunsa ngati 47 yafika theka. Wopambana akakhala wako, masamu umawasiyira a kwina.

Koma funsolo linalipo, litagona m'gawo 80 la malamulo aakulu a dziko lino. Gawolo linkati pulezidenti asankhidwe ndi ambiri mwa ovota, aliyense kuponya voti yakeyake, ya wolemera ndi ya wosauka kulemera chimodzimodzi. Ambiri ake ati? Chisankho cha 1999 chitatha, a Gwanda Chakuamba anapita kukhothi kukanena kuti a Muluzi, ngakhale anapeza 52 pa 100 ya mavoti oponyedwa, sanafike theka la anthu onse amene analembetsa m'kaundula. Khothi Lalikulu la Apilo m'chaka cha 2000 linawabweza: amene waposa anzake ndiye wapambana, basi. Kuyambira pamenepo andale anapuma. A Bingu wa Mutharika analowa m'boma mu 2004 ndi mavoti 36 pa 100, ambiri mwa iwo athu, chifukwa a Muluzi anayenda nawo mudzi ndi mudzi kutiuza kuti munthu wake ndi uyu. Pofika Febuluwale 2005 munthuyo anali atatuluka m'chipani chachikasu n'kuyambitsa chake. Mng'ono wawo a Peter Mutharika mu 2014 nawonso 36. Ndiye kuti mwa Amalawi atatu alionse amene anapsa ndi dzuwa pamzere, pafupifupi awiri sanamufune amene analumbirayo. Njira yake inali yodziwika: gwiritsa kwanu, tola pang'ono kwa oyandikana nawo, enawo agawane okha zotsala. Dera louma ngati lathu lino, la thonje ndi nandolo, linkakumbukiridwa akafuna kudzazira pamene paperewera.

Sikuti ochenjeza kunalibe. Mu 2017 bungwe lounika malamulo la Law Commission linanena poyera kuti 50+1 ikhazikitsidwe. Atsogoleri a zipembedzo a bungwe la PAC anakakamira mpaka kuopseza zionetsero. Mu Disembala chaka chomwecho nkhaniyo inalowa m'Nyumba ya Malamulo, aphungu n'kuikana masana dzuwa likuswa mtengo. Anansi athu a ku Zambia anali ataika kale lamulo lomweli mu 2016. Ife tinadikira kuti masitolo aswedwe kaye.

Za pa 21 Meyi 2019 aliyense akuzidziwa. Tinalawirira kusanache, tinandanda pasukulu ya pulaimale, amayi oyembekezera ndi agogo kuwalowetsa patsogolo, mapepala atatu, mabokosi atatu, chala mu inki. Madzulo aphunzitsi omwe amaphunzitsa ana athu anawerenga mavoti pa nyale, kukweza pepala lililonse m'mwamba kuti mamonita a zipani aone, ife tili pawindo kusuzumira, udzudzu ukutidya. Zathu zinathera pomwepo. Patapita masiku tinayamba kumva kuti m'madera ambiri a dziko lino mapepala a zotsatira apezeka opakidwa tipeksi, ena osasainidwa, ena osakhala enieni aja. Madando 147 anafika ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Pa 27 Meyi wapampando wake, mayi Jane Ansah, analengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi 38.6 pa 100, a Lazarus Chakwera 35.4, a Saulos Chilima 20.2. Oyamba awiriwo anasiyana ndi mavoti osakwana 160,000.

A Chakwera ndi a Chilima anapita kukhothi. Mlandu unayamba kumvedwa mu Ogasiti n'kutha mu Disembala, ndipo miyezi yonseyo wailesi sinkazima. Pa siteji ya kabaza anyamata ankaimika njinga pamthunzi, foni imodzi itakhazikidwa pa kaliyala, mawu atakwezedwa mpaka kumapeto, wokwera akafika n'kumuuza kuti, "Dikirani kaye bwana, mboni iyankhe." Amayi ogulitsa tomato anadziwa maloya ndi mawu okha, uyu ndi Msisha, uyu ndi Kaphale, uyu ndi Silungwe, n'kumakangana za amene wapanikiza mnzake lero. Ndalama ya ndiwo inapita ku mabatire. Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu kunali zionetsero za omenyera ufulu a HRDC ndi utsi wokhetsa misozi. Kuno tinkazimva magalimoto akasiya kuyenda, katundu wa pamsika n'kuwolera m'madengu.

Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, a Potani, a Kamanga, a Kapindu, a Madise ndi a Tembo, anafika moperekezedwa ndi asilikali n'kuwerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka kunja kutada. Chisankho chija chafafanizidwa, chichitikenso pasanathe masiku 150, ndipo gawo 80 lija limatanthauza kupitirira theka. Pa 8 Meyi Khothi la Apilo linagwirizana nazo, n'kusiya zimene linanena lokha mu 2000. Maiko akunja anatitama. Mu Africa muno ndi Kenya yokha imene inali itachitapo zotere, mu 2017, ndipo oweruza athu analandira mphoto ya Chatham House ya ku London. Ulemu wawo sitikuwalanda, analimba mtima anthu aja, poti panali ngakhale ofuna kuwagula. Koma tiloleni tifunse zathu zaumbulizi. Mawu a m'gawolo anali omwewo mu 2000, omwewonso mu 2020. Ndiye zaka 20 zonsezo tinkalamulidwa ndi kamvedwe kolakwika? Ngongole zimene analowa ndi 36 aja anatenga m'dzina lathu tikubweza ndife. Zimenezo palibe khothi lazifafaniza.

Pali zinanso zimene osangalala aja amazidumpha. Achinyamata amene anakwanitsa zaka 18 chisankho cha 2019 chitadutsa, ena atalembetsa kale pa kalembera watsopano, khothi linati ayi, avote okhawo a m'kaundula wakale. Chifukwa chake chinalipo, maloya anachifotokoza, koma kamuuzeni zimenezo mnyamata amene anali atasunga kale kachiphaso kake m'thumba la pulasitiki. Ndiye pali aphungu. Anasankhidwa tsiku lomwelo, m'makalasi omwewo, pa nyale zomwezo, owerenga ake omwewo. Kupatula ochepa amene milandu yawo inakafika kukhothi payokha, onse anakhalabe pamipando. Ndipo pofuna kuti zisankho zitatu zibwerere pa tsiku limodzi, anasuntha lawo kuchoka mu Meyi 2024 kufika mu Sepitembala 2025. Tinawapatsa zaka zisanu, anadya zisanu ndi chimodzi ndi miyezi pamwamba. Anatifunsa ndani?

Pa 23 Juni 2020 tinapitanso, korona ili mkati. Kuno ambiri anavotera a Mutharika chifukwa pambali pawo panali a Atupele Muluzi; dziko linasankha a Chakwera ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100. Tinavomereza. Koma apa m'pamene tinaona kumene 50+1 yatifikitsa. Poti chipani chimodzi sichifika theka mwachisawawa, atsogoleri amakumana m'mahotela n'kumaphatikiza anthu: iwe bweretsa a pakati, uyo abweretse a kumpoto, ine ndibwera ndi a kummawa. A kummawa akunenedwawo ndife. Palibe anabwera m'mudzi kudzafunsa ngati tikuufuna ukwati umenewo. Tinangoona nsalu yachikasu ndi yabuluu zitamangidwa pa lole imodzi. Mbali inayo zipani zisanu ndi zinayi za mgwirizano wa Tonse zinapangana zawo kuseri. Mu Julayi 2022 a Chilima ndi amene anaulula kuti mwa zina munali zoti a Chakwera akalamulira zaka zisanu adzawasiyire iwo, a chipani cha a Chakwera cha MCP osavomereza zimenezo. Voti yathu ndi yachinsinsi, inde, ndipo iyenera kutero. Nanga pangano la amene tikuwavotera likhalenso lachinsinsi? A Chilima anatisiya pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, mgwirizanowo n'kumwazikana, ife a kumudzi pepalalo osalionapo.

Malonjezo okha ndiye tinawamva bwinobwino, poti ankanenedwa pa zokuzira mawu: kudya katatu pa tsiku, ntchito 1 miliyoni, thumba la feteleza pa K4,495. Chaka choyamba fetelezayo anabweradi, tisaname. Kenaka kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, namondwe Freddy atadutsa pakati, ng'amba ya 2024 n'kudzamaliza. Abale athu ena ku Machinga anafika podya chitedze. Nthawi yonseyo mtsogoleri wa mavoti opitirira theka tinalibe pomugwira, monga mmene tinalibe pogwira wa 36 uja. Chathu kunali kudikira. Pa 16 Sepitembala 2025 tinachita chokhacho chimene anatisiyira, tinachotsa. A Mutharika anabwerera ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100, a Chakwera 33, chibwereza osafunika. Ndipo amene analumbira ngati wachiwiri wawo ndi mayi Jane Ansah, omwe aja a madando, amene anthu anayenda m'misewu miyezi yambirimbiri kufuna kuti atule pansi udindo. Palibe lamulo linaphwanyidwa, anthu anavota akuona. Tikungoti taonani kuchepa kwa pothawira: amene dziko linamuchotsa dzana ndi yemwe likumuitananso lero.

Ku Hong Kong anthu anagona m'misewu masiku 79 mu 2014, chifukwa boma la ku Beijing linati mtsogoleri wa mzindawo azivoteredwa ndi aliyense, koma maina awiri kapena atatu osankhapowo ayambe asefedwa ndi komiti ya anthu 1,200. Iwo anati imeneyo si voti. Zathu sizinafike pamenepo, tisanamizane, pa pepala la 2025 panali maina 17. Koma amene ali ndi mwayi weniweni amasefedwa ndi nthumwi za ku msonkhano waukulu wa chipani, zimene zikamabwerako siziyenda ngati anthu a njala, ndipo kungopereka dzina ku MEC ngati wofuna upulezidenti mu 2025 kunali K10 miliyoni. N'chifukwa chake maina ake amangozungulira: Muluzi bambo, Muluzi mwana, Mutharika mkulu, Mutharika mng'ono.

Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pa kampeni. Bwerani mudzaone nokha. Lole imafika m'mawa, a komiti ya chipani ali ndi kope la maina, amayi kukwera ndi ana kumsana, nsalu imodzi kulimbirana atatu. Kubwaloko timakhala padzuwa kuyambira 9 koloko, bwana amafika dzuwa litapendeka, gule amadulidwa pakati kuti alankhule. Akachoka m'pamene pamayamba ntchito yeniyeni: anthu kuwaika m'magulu a khumikhumi, gulu lililonse kulipatsa ndalama zamapepala zoti ligawane, wosintha palibe, ndewu n'kubuka. Lole ija yapita kale, mafuta ake anali a ulendo wobwera wokha. Timabwerera wapansi, mdima uli bii, ndalama ija itathera pa mandasi ndi thobwa panjira. Ena amatinyoza kuti tikugulitsa voti. Ndalamayo timalandira, sitikana, poti m'nyumba mulibe mchere. M'kachipinda kovotera muja timalowa tokha. Koma dziwani kuti ndi tsiku lokhalo pa zaka zisanu limene ndalama imayenda kuchoka kwa iwo kubwera kwa ife.

Chimene chimatiwawa kwenikweni n'chakuti zida zogwirira atsogoleri pakati pa chisankho ndi chisankho tinali nazo, anatilanda. M'malamulo a 1994 munali gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanakwane. Aphungu oyamba enieni a ulamuliro wa zipani zambiri analifafaniza mu 1995, lisanagwire ntchito ngakhale kamodzi. Kuno msungichuma wa komiti ya mjigo akadya ndalama zogulira zipangizo, timaitanitsa msonkhano Loweruka, pofika Lolemba kope lili m'manja mwa wina. Sitikhala zaka zisanu tikumwa madzi a m'dambo podikira kuti nthawi yake ithe. Nanga phungu ndi wopatulika bwanji? Munalinso nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Seneti, ya anthu 80, mmene mukanakhala mafumu, oimira maboma, amayi, alimi, aulumali ndi a zipembedzo. Sinakumanepo ngakhale tsiku limodzi. Mu 2001 inachotsedwa, akuti ndalama kulibe. Chaka chotsatira, pa 4 Julayi 2002, ndalama ndi nthawi zinapezeka zokambirana kuti pulezidenti aziima pa chisankho kopanda malire. Aphungu 125 anavomera, panangoperewera atatu kuti zidutse. Ameneyo anali wathu yemwe wa kwa Kapoloma, ndipo ofuula kuti aimenso kuno sanasowe.

Makhansala tinasankha mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo kuchokera pamenepo mpaka 2014 munalibe khansala m'dziko lonse lino, chonsecho malamulo aakulu omwewo ankati azikhalapo. Zaka zisanu ndi zinayi. Mlandu umenewo sitinaumve pa wailesi m'mawa ndi masana, mphoto ya ku London panalibe.

Ndipo tikayang'ana amene amatilamulira pafupi, amene siginecha yake imakhudza mlatho, mdadada wa sukulu ndi chimanga cha thandizo, voti yathu siimufika n'komwe. Bwanamkubwa amatumizidwa kuchokera ku Capital Hill, amasamutsidwanso kuchokera komweko. Ife timangomva pamaliro kuti kwabwera wina. Wapampando wa khonsolo amasankhidwa m'chipinda cha khonsolo momwemo, ife tili kumunda. Ngakhale mameya a Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, anthu a m'mizindamo sawavotera mwachindunji. Ufumu ndiye wa kumtundu, timaulemekeza, gogo chalo savoteredwa ndipo sitikupempha kuti zitero. Koma lamulo la mafumu la 1967 limapatsa pulezidenti mphamvu yovomereza mfumu ndi yoichotsa, kukwezedwa kumachokera komweko, mswahala nawonso. Ndiye mfumu iliyonse ikaimirira pa msonkhano wa chipani cholamula n'kunena kuti, "Bwana, anthu anga onse ali pambuyo panu," musaidabwe, ili ndi ana nayonso. Koma musatiwerengere pamenepo.

Tikatchula za gawo 64, andale amayankha kuti likabwerera, olephera chisankho azidzangoyenda ndi mapepala kusainitsa anthu, dera osapuma. Mwina n'zoona, timawadziwa anthu ake. Ndiye ikani malire: phungu agwire kaye zaka ziwiri, osaina akhale ochuluka ndithu mwa olembetsa a m'deralo, a MEC atsimikize dzina lililonse ndi chiphaso cha unzika chija munatiimitsira pamzere. Pangano la mgwirizano wa zipani nalo liperekedwe pamodzi ndi mapepala a opikisana, limatidwe pakhoma la sukulu pambali pa kaundula, tiliwerenge tisanavote. Wapampando wa khonsolo timusankhe tokha, dzina lake likhale pa pepala lachinayi; inki ya chala chimodzi imakwanira.

Vuto lake n'lakuti zonsezi zikadutsira m'manja mwa aphungu omwewo, ndipo pobwezeretsa gawo m'malamulo aakulu pamafunika awiri mwa atatu alionse a m'nyumbamo. Lero alipo 229, ndiye kuti tikufuna aphungu 153 ovomera kutipatsa mphamvu yowachotsa iwo eni. Pamene ankavomereza kuti mipando yawo ichoke pa 193 kufika pa 229, sitinamve kuti chiwerengero chinawavuta.